Z: Yanu Si Z: ya Mnzanu

Mu ofesi yomwe makompyuta ake analumikizidwa pa netiweki imodzi, sipatenga nthawi kuti mumve wina akuuza mnzake kuti, "Lipoti lija ndaliika pa Z." Mnzakeyo akatsegula kompyuta yake amapeza kuti Z palibe. Nthawi zina Z imakhalapo ndithu, koma m'kati mwake muli zinthu zina. Palibe wanama, ndipo palibe kompyuta yomwe yawonongeka. Chilembo Z si malo ayi. Ndi dzina lomwe munthu mmodzi, pa kompyuta imodzi, anapatsa malo omwe ali kwina.

Anthu oyang'anira makompyuta m'maofesi amakumana ndi ntchito iyi kawirikawiri: pa seva pali foda imodzi, ndipo antchito ambirimbiri akufunika kumaifika mosavuta. Kuyenda desiki ndi desiki n'kumadina ndi mausi kumadya tsiku lonse. N'chifukwa chake amatsegula command line, kawindo kakuda kaja komwe munthu amalemba lamulo ndi kiyibodi, poti lamulo lolembedwa limasungika m'fayilo n'kuyendetsedwa pa makompyuta onse mofanana. Koma akafika pamenepo amapeza kuti chomwe aliyense mu ofesi amangochitcha shortcut si chinthu chimodzi. Pali chilembo cha draivu, pali kafayilo ka .lnk, pali symbolic link. Zonsezi zingaloze foda imodzimodzi, koma chilichonse chimawerengedwa ndi mbali yosiyana ya Windows, ndipo chilichonse chimasiya kugwira ntchito pa zifukwa zakezake. Kwa ine, musanafunse kuti mulembe lamulo liti, funso loyamba ndi lakuti: cholozera chomwe ndikupangachi, adzachiwerenga ndani?

Tiyambe ndi chinthu cholozedwacho. Foda ikangokhala pa disiki ya kompyuta ina siioneka pa netiweki. Mwini wake ayenera kuitsegulira ena n'kuipatsa dzina lomwe izidziwika nalo kunja, ndipo foda yotereyi imatchedwa share. Dzina la share silikakamizidwa kufanana ndi la foda. Munthu akalemba

net share Malipoti=D:\Zaofesi\Zolembedwa

ndiye kuti pa disiki foda idakali D:\Zaofesi\Zolembedwa, koma anthu a pa netiweki aziiona ngati Malipoti basi, osadziwa n'komwe kuti ili pa D. Kompyuta yomwe yasunga foda ndiyo seva, yomwe ikupempha ndiyo client. Seva sikuti nthawi zonse ndi chimakina chokhala m'chipinda chozizira. Laputopu ya mlembi ikatsegulira anzake foda, pa nkhani ya fodayo yasanduka seva, ngakhale kuti Windows 10 ndi Windows 11 za anthu wamba zimalola makompyuta 20 okha kulumikizika nthawi imodzi. Maofesi ambiri aang'ono amayamba chomwechi, ndipo tsiku lomwe mwini laputopu wapita nayo kumudzi, ofesi yonse imasowa mafayilo.

Seva ndi client zimamvana kudzera mu ndondomeko yotchedwa SMB, kufupikitsa kwa Server Message Block. Anaiyamba ndi Barry Feigenbaum wa ku IBM mu 1983, kenako Microsoft inaitenga n'kuikulitsa. Mu 1996 Microsoft inaipatsa dzina lina loti CIFS, ndipo dzinali lidakalipobe m'malamulo a Linux ngakhale kuti SMB yamakono inasintha kwambiri. SMB 2 inabwera ndi Windows Vista mu 2006, SMB 3.0 inabwera ndi Windows 8 komanso Windows Server 2012, ndipo iyi ndi yomwe inayamba kutha kubisa zomwe zikudutsa pa netiweki kuti wina wapakati asaziwerenge. Kuyambira pa Windows 2000 zonsezi zimadutsa pa port 445. Makina ambiri omwe si a Windows amalankhula SMB kudzera mu pulogalamu ya Samba, yomwe Andrew Tridgell wa ku Australia anaitulutsa mu 1992. Timabokosi tambiri tosungira mafayilo totchedwa NAS, tomwe maofesi amagula m'malo mwa seva yaikulu, m'kati mwake mumakhala Samba yemweyu.

Adiresi yeniyeni ya share imalembedwa motere: \\SEVA1\Malipoti\2024. Kalembedwe aka kamatchedwa UNC, ndipo ndikanakonda kuti wogwira ntchito mu ofesi aliyense azitha kukawerenga, osati akatswiri okha. Timizere tiwiri toyambirira timauza Windows kuti chomwe chikubwera ndi dzina la kompyuta ina. Kenako pamabwera dzina la seva, kenako dzina la share, ndipo zotsatira zonse ndi mafoda wamba omwe ali m'kati. Adiresi iyi ndi imodzi kwa aliyense. Mukaitumiza kwa mnzanu, kaya ali pa desiki yoyandikana nanu kaya ali ku nthambi ina yolumikizika pa netiweki yomweyo, akafika pomwe inu mukufika. Zina zonse zomwe tikambirane pano ndi njira zopewera kuilemba tsiku ndi tsiku.

Timizere timeneti timasokoneza ongoyamba kumene, chifukwa m'lamulo limodzi mumapezeka mitundu iwiri, wopendekera kumbuyo ndi wopendekera kutsogolo. Chiyambi chake ndi chakale. MS-DOS yoyamba ya mu 1981 inalibe mafoda. Pomwe mafoda ankabwera mu MS-DOS 2.0 mu 1983, chizindikiro cha / chinali chitagwira kale ntchito yosonyeza zosankha za lamulo, monga /w pa lamulo la dir, choncho mafoda anawapatsa \. Mpaka lero pa Windows \ ndi wa njira, / ndi wa zosankha. Kanthu kena kakang'ono ndi ka mpata: dzina la foda likakhala ndi mpata pakati, adiresi yonse iikidwe m'zizindikiro za "...", apo ayi lamulo limaiduka pakati n'kuyesa theka lachiwirilo ngati chinthu china.

Kuti muone ma share omwe seva ili nawo, mumalemba net view \\SEVA1. Koma si onse amaoneka. Share yomwe dzina lake likuthera ndi $ imabisika pa mndandanda, ndipo Windows imadzipangira yokha ingapo yotere, monga C$, ADMIN$ ndi IPC$. Ena amaika $ ku foda ya malipiro a antchito n'kumaganiza kuti aitseka. Sanaitseke. Aliyense wodziwa dzina lake angailembe n'kufika, pokhapokha ngati chilolezo chamuletsa.

Tsopano chilembo cha draivu, chomwe ndi njira yodziwika kwambiri komanso yobweretsa madandaulo ambiri. Zilembozi MS-DOS inazitengera ku CP/M ya Gary Kildall ya m'zaka za m'ma 1970. A ndi B zinali za ma floppy disk, ndipo hard disk itabwera inatenga C. Zilembo zilipo 26 zokha, ndipo popeza fulashi iliyonse yomwe mwalowetsa imatenga chilembo chotsatira kuchokera koyambirira, oyang'anira makompyuta anazolowera kuyambira kumapeto. Ndiko kunachokera Z, Y ndi X za m'maofesi. Lamulo lake ndi ili:

net use Z: \\SEVA1\Malipoti /persistent:yes

Ntchito imeneyi imatchedwa mapping, ndipo m'maofesi mumamva akuti "kumapa draivu". Mbali yomalizayo, /persistent:yes, imauza Windows kuti ikumbukire, kuti mawa munthuyo akadzalowanso Z idzabwerere. Chikumbutsocho chimasungidwa mu registry, pansi pa HKEY_CURRENT_USER\Network, ndipo dzina la malowa likunena kale nkhani yonse: ndi za munthu yemwe walowa panopa, osati za kompyuta yonse. Wina akalowa pa kompyuta yomweyo ndi akaunti yake, Z saipeza. Kuchotsa ndi net use Z: /delete, ndipo kungolemba net use popanda china chilichonse kumaonetsa zilembo zonse ndi adiresi ya UNC yomwe chilichonse chikuimira. Lamulo lalifupi limeneli ndi lomwe ndimalangiza aliyense kulemba poyamba mafayilo akasowa.

Nkhaniyi imapita patali kuposa kusiyana kwa anthu awiri. Chilembo chimamangiriridwa ku logon session, kutanthauza kulowa kumodzi kwa munthu, ndipo munthu mmodzi akhoza kukhala ndi kulowa kuwiri nthawi imodzi osazindikira. Kuyambira pa Windows Vista, yomwe inabweretsa User Account Control, munthu wokhala ndi mphamvu za administrator akalowa amapatsidwa ziphaso ziwiri, china cha ntchito wamba, china cha mphamvu zonse. Akapanga Z mu Command Prompt yomwe anaitsegula ndi Run as administrator, n'kupita ku File Explorer, Z saiona, chifukwa Explorer ikuyenda ndi chiphaso chawamba. Zimachitikanso mobwerera: Z ikuoneka bwinobwino mu Explorer, koma pulogalamu yomwe ikufuna mphamvu za administrator ikuti kulibe draivu yotero. Pali kiyi ya mu registry yotchedwa EnableLinkedConnections yomwe imagwirizanitsa ziwirizi, ndipo ena amaigwiritsa ntchito. Ine ndimaona kuti n'kwabwino kungopanga mapping mu windo wamba, popeza net use safuna mphamvu za administrator.

Pomwe izi zimapweteka zenizeni ndi pa ntchito zausiku. Munthu amalemba kafayilo ka .bat kokopera mafayilo ofunika kupita ku Z, amakayesa masana kakugwira, ndiye amakapereka kwa Task Scheduler kuti kaziyenda pakati pa usiku iye atatuluka. Usikuwo ntchito imayenda mu logon session ina, yomwe Z kulibe. Palibe chomwe chimakopedwa, palibe yemwe amaona uthenga wa vuto, ndipo zimadzadziwika tsiku lomwe disiki yafa. M'malamulo omwe aziyenda okha, adiresi ilembedwe yonse ya UNC. Robocopy, xcopy ndi copy onse amailandira popanda vuto.

Lamulo la net use likakanika limapereka nambala, ndipo manambalawa amanena pomwe ulendo unathera. System error 53 ndiye kuti seva sinapezeke n'komwe: mwina dzina lalembedwa molakwika, mwina chingwe chazuka, mwina magetsi anathima ndipo seva sinayakenso, mwina firewall yatseka port 445. System error 67 ndiye kuti seva yayankha koma ilibe share ya dzina limenelo. System error 5 ndiye kuti zonse zapezeka koma inuyo mwakanizidwa. Wodziwa kusiyanitsa 53, 67 ndi 5 sataya nthawi kusintha mawu achinsinsi pomwe vuto lili pa chingwe. Nambala 85 imatanthauza kuti chilembocho chinatengedwa kale. Ndiye pali 1219, yomwe imazunguza anthu kwambiri: Windows siilola munthu mmodzi kulumikizika ku seva imodzi ndi mayina awiri osiyana nthawi imodzi. Ngati munatsegula kale share ina pa SEVA1 ndi akaunti yanu, simungatsegule yachiwiri pa seva yomweyo ndi akaunti ya abwana mpaka mutadula yoyambayo.

Pa za mawu achinsinsi sindifuna kuzungulira. Lamuloli limalola kulemba /user: ndi dzina, ndipo limalolanso kulemba pasiwedi poyera mumzere womwewo. Anthu ambiri amatero n'kusunga mzerewo m'fayilo ya .bat pa desktop, pomwe aliyense angaitsegule ndi Notepad. Musatero. Mukaika nyenyezi * pamalo a pasiwedi, Windows imakufunsani ndipo zomwe mukulemba sizioneka. Ngati mukufuna kuti ikumbukire, lamulo la cmdkey limasunga dzina ndi pasiwedi mu Credential Manager ya munthuyo. M'maofesi okhala ndi domain ya Active Directory vutoli silikhalapo, chifukwa kulowa kwa m'mawa kuja ndi komwe seva imakuzindikirani nako.

Kanthu kena kongodutsa: Command Prompt siitha kuima pa adiresi ya UNC. Mukalemba cd \\SEVA1\Malipoti imakana. Koma pushd \\SEVA1\Malipoti imabwereka chilembo chomwe chili chopanda ntchito, kuyambira ku Z kubwerera m'mbuyo, n'kukuikani m'fodamo, ndipo popd imabweza chilembocho. PowerShell ilibe vuto limeneli.

Chinthu chomwe Windows yeniyeniyo imachitcha shortcut ndi china: kafayilo kakang'ono kothera ndi .lnk, kokhala ndi kamuvi pakona, komwe kanabwera ndi Windows 95. M'kati mwake mumalembedwa adiresi ya chinthu cholozedwa, chithunzi choti chizioneka, ndi tina ndi tina. Explorer imabisa mapeto a .lnk ngakhale mutaiuza kuti izionetsa mapeto a mafayilo onse, koma lamulo la dir limawaonetsa. Chofunika kumvetsa ndi chakuti wowerenga kafayiloka ndi shell, ndiye kuti Explorer ndi timawindo totsegulira mafayilo. Kwa disiki, ndi fayilo wamba ngati ina iliyonse. Simungalowemo ndi cd. Mukalemba lamulo lokopera kalata kupita ku Malipoti.lnk, kalatayo siipita ku seva. Copy imakufunsani ngati mukufuna kulemba pamwamba pa kafayiloko, ndipo mukavomera shortcut yatha.

Chodabwitsa n'chakuti pa malamulo onse a Command Prompt palibe ngakhale limodzi lopangira .lnk. Ambiri amaganiza kuti mklink ndi lomwelo, koma ayi. Njira yomwe ilipo ndi kupempha chida cha Windows Script Host chotchedwa WScript.Shell. Kwa zaka zambiri anthu ankachita izi ndi VBScript, koma mu 2023 Microsoft inalengeza kuti VBScript ikupita kotha, choncho zatsopano zilembedwe mu PowerShell, yomwe ilipo kuyambira 2006:

$w = New-Object -ComObject WScript.Shell
$s = $w.CreateShortcut("C:\Users\Public\Desktop\Malipoti.lnk")
$s.TargetPath = "\\SEVA1\Malipoti"
$s.Save()

Mzere wachiwiri ukunena komwe shortcut ikhale, wachitatu komwe iloze, ndipo popanda wachinayi palibe chomwe chimalembedwa pa disiki. Pa TargetPath ikani UNC, osati Z, kuti cholozera chisadalire cholozera chinzake. Foda ya Public\Desktop ndaisankha dala: chomwe chili mmenemo chimaoneka pa desktop ya aliyense wolowa pa kompyutayo, ngakhale kuti kulembamo kumafuna mphamvu za administrator. Ngati mukufuna desktop ya munthu mmodzi, chenjerani, chifukwa pa makompyuta ambiri masiku ano OneDrive inasamutsa foda ya Desktop kuiika m'kati mwake, ndipo lamulo lomwe likuyembekeza kuipeza pamalo akale limaika shortcut pomwe palibe angaione.

Pali foda ina yomwe anthu ochepa amaidziwa, %APPDATA%\Microsoft\Windows\Network Shortcuts, yomwe pa Windows XP inkatchedwa NetHood. Shortcut yoikidwa mmenemo imaoneka mu This PC pansi pa Network locations, pafupi ndi madraivu, koma osadya chilembo. Kwa munthu yemwe amangofuna kutsegula foda n'kuwerenga makalata, njira iyi ndimaikonda kuposa mapping. Siilimbana ndi fulashi pa chilembo, ndipo adiresi yomwe imaoneka pamwamba ndi ya UNC, yomwe akhoza kuikopera n'kutumizira mnzake.

Kafayilo ka .lnk kamaoneka kopanda vuto, koma kali ndi mbiri yake. Mu 2010 kunadziwika Stuxnet, pulogalamu yoipa yomwe inawononga makina a nyukiliya ku Natanz m'dziko la Iran. Imodzi mwa njira zomwe inkafalira inali mafayilo a .lnk pa fulashi: Explorer ikangoyesa kuonetsa chithunzi cha shortcut, pulogalamuyo inkayamba kuyenda munthu asanadine chilichonse. Microsoft inatseka bowolo mu Ogasiti chaka chomwecho. Koma ambiri omwe anayendapo ndi fulashi m'malo osindikizira mapepala akudziwa tizilombo tina tomwe timabisa mafoda enieni n'kusiya ma shortcut a mayina omwewo. Timadalira kubisika kwa mapeto a .lnk kuja.

Njira yachitatu imakhala pansi penipeni, mu file system ya NTFS. Lamulo la mklink linabwera ndi Windows Vista:

mklink /D C:\Malipoti \\SEVA1\Malipoti

Chomwe chapangidwa apa ndi symbolic link, mwachidule symlink. Wochiwerenga si Explorer koma Windows yeniyeniyo nthawi yomwe ikutsegula fayilo, choncho pulogalamu iliyonse ikapempha C:\Malipoti imatumizidwa ku seva. Mungalowemo ndi cd, mungakopere zinthu mmenemo. Symlink imathandiza pa mapulogalamu akale omwe amaumirira kuti deta yawo ikhale pa C, ndipo popeza yalembedwa pa disiki, siitha munthu akatuluka, komanso ntchito zausiku zija zimaiona. Kuipanga kumafuna mphamvu za administrator, pokhapokha ngati pa kompyutapo anayatsa Developer Mode, mwayi womwe Windows 10 inapereka mu 2017. Ozolowera Linux asamale ndi ndondomeko ya mawu: mklink imayamba ndi dzina la link kenako cholozedwa, pomwe ln -s imayamba ndi cholozedwa.

Lamulo lomweli lili ndi abale awiri omwe sagwira ntchito imeneyi. Junction, yopangidwa ndi /J, imaloza foda ya pa disiki za kompyuta yomweyo basi, siingaloze share. Hard link, yopangidwa ndi /H, ndi ya mafayilo okha, ndipo onse ayenera kukhala pa disiki imodzi. Palinso malire ena: symlink yomwe yaikidwa m'kati mwa share n'kumaloza share ina, Windows siitsatira pokhapokha wina ataloleza, ndipo lamulo la fsutil behavior query SymlinkEvaluation limaonetsa mitundu yomwe yaloledwa.

Ngozi yaikulu ya symlink ili pochotsa. Shortcut ya .lnk mukaifufuta, mwafufuta kafayilo kamodzi basi. Symlink ya foda imachotsedwa ndi rmdir, yomwe imachotsa cholozera chokha. Koma wolemba del C:\Malipoti akulamula kuti mafayilo omwe ali m'kati mwa fodayo afufutidwe, ndipo m'kati mwakemo ndi pa seva. Windows imafunsa kamodzi ngati mukutsimikiza, ndipo munthu wofulumira amangodina Y. Chowawa china n'chakuti fayilo yofufutidwa kudzera pa netiweki siipita ku Recycle Bin, kaya ya kompyuta yanu kaya ya seva ya Windows. Ngati palibe backup, kapena makope akale omwe seva imasunga otchedwa shadow copies, ntchito ya anthu onse yapita.

Ku Linux ndi ku macOS zilembo kulibe. Share imalumikizidwa ku foda yopanda kanthu, yomwe imatchedwa mount point, ndipo kuyambira pamenepo zomwe zili pa seva zimaoneka m'fodamo. Pa Linux lamulo ndi mount -t cifs //SEVA1/Malipoti /mnt/malipoti, timizere titapendekera kutsogolo, ndipo kuti zizibwerera kompyuta ikayaka mzere wake umalembedwa mu /etc/fstab, dzina ndi pasiwedi zikusungidwa m'fayilo yapadera yomwe root yekha ndi amene angaiwerenge. Pa Mac, open smb://SEVA1/Malipoti imaika share pansi pa /Volumes. Kenako ln -s imapanga cholozera paliponse pomwe mukufuna.

Pa njira zonsezi palibe yomwe imanyamula chilolezo. Zili ngati chikwangwani cha m'mbali mwa msewu chonena kuti sukulu ili kumanja: chimakuuzani kolowera, koma sichikupezerani malo m'kalasi, ndipo sukuluyo itasamuka chimangolozabe komweko. Woyang'anira akhoza kuika shortcut ya foda ya malipiro pa desktop ya aliyense, koma wopanda chilolezo akadina amabwezedwa. Chilolezo chimaonedwa ku seva, ndipo chimaonedwa pawiri. Pali share permissions, zomwe ndi zitatu zokha, Read, Change ndi Full Control, ndipo palinso NTFS permissions za pa foda yeniyeniyo. Munthu wobwera kudzera pa netiweki amadutsa pa zonse ziwiri, ndipo chokhwima kwambiri ndi chomwe chimagwira. Ngati share ikuti Read pomwe NTFS ikuti Full Control, angowerenga basi. N'chifukwa chake oyang'anira ambiri amamasula mbali ya share n'kukhwimitsa ya NTFS, kuti pofufuza vuto aziyang'ana malo amodzi.

Chilolezo chopatsidwa mowolowa manja chili ndi mtengo wake. Pulogalamu ya ransomware ikalowa pa kompyuta ya munthu mmodzi imagwira ntchito ndi mphamvu za munthuyo, ndipo imatseka mafayilo paliponse pomwe iye angalembe, kuphatikizapo pa Z. Foda ya backup yomwe ili ndi chilembo pa kompyuta ya aliyense si yotetezeka. SMB nayonso inakhalapo khomo la ngozi. Mu Meyi 2017 WannaCry inafalikira m'mayiko oposa 150 kudzera pa bowo la mu SMB 1, lomwe Microsoft inali italitseka kale mu Malichi chaka chomwecho, ndipo zipatala za NHS ku Britain zinakakamizika kubweza odwala. Kuchokera kumapeto kwa 2017 Microsoft inayamba kuchotsa SMB 1 mu Windows 10. Choncho lero net use ikaloza NAS yakale yomwe imangodziwa SMB 1, imakana, ndipo malangizo omwe amapezeka msanga ndi akuti muyatsenso SMB 1. Zimagwiradi, koma mwatsegulanso khomo lomwe linatsekedwa pa chifukwa chomveka. Ndi bwino kuyamba mwaona ngati kabokosiko kali ndi pulogalamu yatsopano yomwe imalankhula SMB 2 kapena 3, ndipo ngati kalibe, nthawi yake yakwana.

Chatsala ndi dzina la seva, lomwe lalembedwa m'kati mwa cholozera chilichonse. Ena amalemba nambala ya IP m'malo mwa dzina, monga \\192.168.1.10\Malipoti, poti imagwira ngakhale mayina akuvuta. Koma ngati seva imalandira nambala yake kuchokera ku rauta, tsiku lina idzapatsidwa ina, ndipo zolozera zonse zidzafa pamodzi. Ngakhale dzina silikhalitsa: SEVA1 idzakalamba, kudzabwera SEVA2. Maofesi okhala ndi Active Directory ali ndi yankho lotchedwa DFS Namespaces, pomwe anthu amapatsidwa adiresi yoyamba ndi dzina la domain m'malo mwa la seva, ndipo mafayilo akasamuka woyang'anira amasintha malo amodzi okha, antchito osazindikira kanthu. Amakhalanso ndi Group Policy, yomwe imagawa zilembo ndi ma shortcut molingana ndi gulu lomwe munthu ali, popanda kulemba lamulo ndi limodzi lomwe.

Ofesi yaing'ono yopanda domain ingachite zofananako ndi fayilo imodzi ya .bat. Pamwamba pake mulembe set SEVA=\\SEVA1, ndipo m'mizere yonse yotsatira muzilemba %SEVA%\Malipoti, kuti dzina la seva likhale pamalo amodzi. Seva ikasintha, mumakonza mzere woyambawo n'kuyendetsanso fayiloyo pa kompyuta iliyonse. CreateShortcut ikapeza .lnk yakale imangoitsegula n'kusintha komwe ikuloza, koma net use sichita zimenezo: pamafunika mzere wa /delete patsogolo pake, apo ayi idzakubwezerani 85. Symlink nayo iyambe yachotsedwa ndi rmdir, chifukwa mklink siilemba pamwamba pa dzina lomwe lilipo kale.